Tchalitchi cha Nkhanu

Lolemba, 4 Meyi

Nkhanu zanga zafungatira mazira! Zisanu ndi zitatu, zonse za m'thanki yofunda. M'mawa ndinatembenuza imodzi n'kuona chimulu cha mazira kumimba kwake, ofiirira ngati mkati mwa papaya wakupsa. Ndinakuwa ndekhandekha mu labu mpaka mwana m'mimbamu anandimenya chidendene. Ndiye tonse tili ndi pakati, ine ndi nkhanu. Amuna anga nditawauza pa foni akuti, "Mugwirizane mudzachire tsiku limodzi, ine ndisavutike ndi maulendo awiri."

Ndilembe bwino kuti ndidzakumbukire chimene ndavinira lero. Nkhanuzi ndi ana a zidzukulu za zija ndinakatola m'matanthwe a kugombe nditangoyamba kuphunzitsa pa yunivesite pano. Ndimazisunga m'madzi amchere ofunda kuposa a kwawo, mmene akuti nyanja idzafundira mtsogolomu, kuti tione ngati mbadwa zake zingazolowere. M'badwo woyamba unafa wambiri. Wachiwiri unataya mazira. Wachitatu unayesako. Uno ndi wachinayi, ndipo wanenepa bwino. Mazirawa akaswa, tiana n'kukula, digiri yanga yaikulu yatheka. Akalephereka, mtundu wonse wathera pomwepo, chifukwa m'madzi ofunda nkhanu sizikhalitsa, zikaswetsa kamodzi zimayamba kufa. Ndiye kuti ndibwerere kumatanthwe ndikayambirenso, khanda lili kumsana.

Masana ndinali ndi ophunzira a chaka chomaliza. Tinayamba monga mwa nthawi zonse: aliyense pampando kutsogolo kwa thanki, cholembera pansi, foni m'thumba, pakamwa potseka, kungoyang'ana nkhanu mpaka ine nditawomba m'manja. Mwambowu ndinautenga kwa Pulofesa, aphunzitsi anga akale, amene amati munthu asayeze nyama imene sanaiyang'ane. Ana asukuluwa amautcha tchalitchi cha nkhanu, ndipo ndikawomba m'manja amayankha onse pamodzi kuti "Ameni." Ndimachita ngati sindinamve.

Amene amazunzika kwambiri m'tchalitchimu ndi Mafunso. Dzinali anamupatsa anzake ndipo anamudziwa. Mtsikana ameneyu akatseka pakamwa mafunso amatulukira m'maso, ndikangowomba m'manja dzanja lake lili kale m'mwamba. Lero akuti, "Madamu, nkhanu yobadwira mu labu imadziwa bwanji kuti kugombe madzi adzaza? Chifukwa zikumayamba kuyendayenda nthawi imeneyo." Funso labwino, koma mutu unkandiwawa, ndinangoti tidzakambirana. Mapazinso atupa, nsapato zakana.

Lachitatu, 6 Meyi

Kusikelo. Anesi anandipima mkono uwu, n'kupimanso winawu, kenako anapita kukaitana adokotala. Magazi akuthamanga kwambiri. Akuti ndigone kunyumba, chammbali cha kumanzere, ntchito ayi, mchere ayi, kukwera masitepe ayi.

Ndinayamba kuwafotokozera za nkhanu, kuti mazira aswa posachedwa. Adokotala anandimvetsera mpaka ndinamaliza, munthu waulemu wake. Kenako akuti, "Mayi, tiana ta nkhanuto tili ndi amayi ake. Uyu ali ndi inu nokha."

Chaka chatha tinapita padera, ndipo lero amuna anga anali atakhala pambali panga atagwira chipewa chawo ndi manja onse awiri. Ndinangoyang'ana manjawo.

Ndalira pang'ono m'galimoto. Komabe ndikuthokoza kuti anesi aja anapima kawiri.

Lachinayi, 7 Meyi

Vuto lake ndi ili. Tiana ta nkhanu tikatuluka timakhala tating'ono ngati fumbi, timangoyandama. M'thanki yaikulu muli pampu yosefa madzi, ndipo singazimitsidwe chifukwa zonse zingabanike. Tiana tikatulukira mmenemo pampu imatimeza tonse kusanache. Ndiye nkhanu zamazira zimayenera kusamutsidwira m'ndowa zoswetsera, zopanda pampu, mazira atatsala pang'ono kuswa. Ukachedwa, sefa yadya. Ukafulumira, nkhanu imanyansidwa ndi ndowa n'kukung'untha mazira onse osakhwima. Zinandichitikira pa m'badwo wachiwiri, ndinatola mazira pansi pa ndowa ndi supuni, misozi ili chuchuchu. Kuyambira pamenepo kiyi wa chipinda cha mathanki sachoka m'khosi mwanga, ndinamumangirira kachingwe kabuluu.

Pulofesa anabwera kudzandizonda atanyamula malalanje. Mawa akunyamuka kupita ku msonkhano, abwerako mazira ataswa kale. Anakhala pampando wansungwi uja umalira, n'kunena mosazungulira kuti kiyi ndimupatse Mafunso.

Ndinati, "Aaa, Pulofesa, mwana uja? Pakamwa pake sipapuma."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Nanga inu? Mumaganiza kuti tchalitchi chija ndinachiyambitsira ndani? Munkandifunsa mafunso ndisanavule n'chipewa chomwe. Ndinasowa pothawira, ndiye ndinati aliyense akhale chete ayang'ane nkhanu."

Zaka zonsezi ine ndimayesa ndi nzeru zakuya za sayansi, kani unali msampha wotchera ine. Amuna anga anamva ali kukhitchini, ndipo ndikudziwa kuti nkhani imeneyi sidzatha m'nyumba muno.

Lachisanu, 8 Meyi

Mafunso anabwera kudzatenga kiyi. Anavula nsapato pakhomo, anakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, chikwama pamiyendo. Ndinamufotokozera zonse ndili chigonere: chakudya, kutentha kwa madzi, mchere wake, ndowa zitsukidwe ndi madzi okha popanda sopo. Chachikulu, nkhanu zamazira azisamutse Lachisanu likubwerali, osati lisanafike. Ndawerengera kuchokera pa mibadwo itatu yapitayi, mazira aswa cha Lamlungu kapena Lolemba. Ndinamuuza kuti abwereze, anabwereza osaphonya.

"Palibe funso?"

"Palibe, Madamu."

Apa m'pamene ndinadziwa kuti mwanayu ali ndi mantha. Ndinavula kachingwe n'kumuveka ndekha. M'khosi mukumveka mopepuka moipa.

Loweruka, 9 Meyi

Denga la chipinda chino lili ndi ming'alu itatu. Umodzi ukufanana ndi mwendo wa nkhanu.

Lamlungu, 10 Meyi

Amuna anga ndawapatsa dzina latsopano, a Mlonda. Atseka shopu yawo yokonzera mafiriji masana onse, akungozungulira m'nyumba ngati alonda enieni. Ndikati ndidzuke, "Mukupita kuti?" Ndikati ndigwire laputopu, yasowa, ili pamwamba pa kabati pamene sindingafike. Akuti ukwati wathu unalakwika poyambira, iwo tsiku lonse amaziziritsa zinthu, ine ndimatenthetsa, ndiye magetsi a dziko lino timamaliza ndife.

Akuphika okha. Mpunga wa lero unali wapansi wakuda, wapamwamba wosapsa, wapakati wabwino, ndiye anandipakulira wapakatiwo iwo n'kudya zotsalazo. Wopanda mchere, ine munthu woti ntchito yanga yonse ndi madzi amchere. Atatha anakhala kumiyendo kwa bedi n'kumandisisita mapazi ndi manja awo okhakhala aja, akuimba nyimbo imene sadziwa mawu ake. Ndinawayang'ana n'kuganiza kuti ndinachita mwayi, ndipo ndinawauza. Akuti, "Magazi akweranso kodi?"

Mafunso akuimba foni m'mawa uliwonse. Zonse zili bwino, zikudya, madzi ali mmene ndinanenera. Mafunso ake abwerera pang'onopang'ono, lero anali anayi.

Lachiwiri, 12 Meyi

Ndakwiya, ndipo sindiyenera kukwiya.

Mafunso anaimba foni masana. Akuti mazira asintha mtundu, kufiira kuja kwatha, ada, ndipo akayang'anitsitsa akuona timadontho tiwiritiwiri takuda m'dzira lililonse. Timadonthoto ndi maso a tiana, ndikudziwa. Koma maso amaoneka kukadali masiku. Akuti nkhanu zikukupiza kumimba pafupipafupi. Zimakupiza nthawi zonse, kupatsa mazira mpweya. Ananditumizira chithunzi, koma galasi la thanki linali ndi nthunzi, ndinangoona chimdima ndi chala chake.

"Madamu, ine ndikuona ngati aswa mawa."

"Ukuona ngati? Mibadwo itatu ndaswetsa ine, iwe waswetsa ingati?"

Sindinadikire yankho.

"Usazikhudze. Lachisanu. Wamva?"

"Ndamva, Madamu."

A Mlonda analowa n'kunditenga foni m'manja bwinobwino ngati akulanda mpeni kwa mwana. Anandipima ndi kamakina kamene anagula, manambala sanawasangalatse. Foni agona nayo m'thumba la buluku lawo.

Mawu aja a "iwe waswetsa ingati" akundiwawa ine mwini. Ndi mawu oipa. Koma ndikakumbukira supuni ija ndi mazira pansi pa ndowa, ndikuti ndachita bwino kuuma mtima.

Lachitatu, 13 Meyi

M'mawa wonse Mafunso sanaimbe. Ndinapempha foni, ndinaimba ine, sanayankhe. Ndinagona n'kumayang'ana mwendo wa nkhanu uja kudenga.

Dzuwa litapendeka ndinamva kugogoda, kenako a Mlonda akunong'onezana ndi munthu pakhonde. Ndinamva akuti, "Ngati ndi zoipa muyambe mwandiuza ine." Patapita kanthawi anatsegula chitseko cha kuchipinda okha, ndipo Mafunso analowa atakumbatira fulasiki. Maso ofiira, malaya onyowa kutsogolo, akununkha madzi a m'thanki. Fungo limenelo ndinalisowa bwanji!

Anagwada pambali pa bedi. "Madamu, sindinakumvereni."

Anafotokoza akuyang'ana pansi. Dzulo titamaliza kulankhula sanapite ku kalasi. Anakoka mpando n'kukhala kutsogolo kwa thanki yekhayekha, foni m'thumba, kuchita tchalitchi. Akuti anakhala mpaka matako anachita dzanzi. Itakwana nthawi imene kugombe madzi amadzaza, nkhanu zamazira zinakwera pamiyala, zonse, n'kuima chonyanyamphira, mimba zili m'mwamba, zikugwedezeka. Akuti chiyambire kuziyang'ana sanazionepo zikuima choncho.

"Ndiye ndinagawa, Madamu. Zinayi ndinasamutsa, zinayi ndinasiya mmene munanenera. Ndinati ndikalakwitsa ine, zanu zinayi zitsala. Mukalakwitsa inu..."

Mazira aswa lero m'bandakucha. Onse, a m'ndowa ndi a m'thanki momwe. Atafika m'mawa anapeza ndowa zinayi zili mbuu ndi tiana. M'thanki yaikulu munali mbee, nkhanu zinayi zili ndi mimba zopanda kanthu, sefa itadzaza. Ndi chifukwa chake sanayankhe foni, amatsuka sefayo akulira, kenako kuthamangira kukakonza chakudya cha tiana tamoyoto.

Choyamba chimene chinabwera ndi mkwiyo, sindinama, wakuti bwanji sanasamutse zonse. Ndinatsala pang'ono kunena. Mwamwayi ndinakumbukira msanga amene anamuletsa. Zimene zinamvera ine zapita, zimene zinamvera maso ake zilipo.

Anatsegula fulasiki. Munali madzi ofunda, ndipo m'madzimo kabotolo kakang'ono kotseka bwino. Anabweretsa tiana tochepa kuti ndione, akuti abwerera nato pompano tisanazizidwe. Ndinakweza kabotoloko kuwindo. Poyamba sindinaone kanthu. Kenako timadontho, tikudumpha, tikudumpha, tonse tikulimbirana kumene kuli kuwala. M'badwo wachisanu, m'chipinda changa chogona, pamwamba pa mimba yanga.

Ndinati, "Dzuka pansipo, khala pabedi pano." Anakana, ndinamukoka dzanja. "Mawu a dzulo aja undikhululukire. Waswetsa zinayi, ndipo ukanapanda iwe ine ndikanaswetsa ziro." Anaseka akulira, mamina ndi misozi pamodzi, a Mlonda n'kumupatsa kansalu kawo kopukutira zitsulo. Zikomo ndinanena kangati kaya, mawuwo amachepa.

Mafunso atapita, a Mlonda anandipima. Manambala anali abwinoko kuposa dzulo. Akuti sayansi yanu sindiimvetsa.

Lachinayi, 14 Meyi

Ndadzuka ndi ganizo limene dzulo silinandifikire chifukwa cha misozi. Mawerengero anga sanali olakwa pa mibadwo itatu ija. M'badwo uno ndi umene wafulumira, m'madzi omwewo, kutentha komweko. Kaya ndi kuzolowera kumene ndakhala ndikukufunafuna, kaya ndi china, sindinganene ndi kuswa kumodzi. Koma ndi chinthu, ndipo ndikanakhala ndili ku labu mwina sindikanachiona, chifukwa ine ndinali nditasiya kuyang'ana nkhanu, ndinkayang'ana kalendala.

Ndinalembera Pulofesa uthenga wautali. Yankho lawo: "Nkhanu sizinawerenge mawerengero anu. Gonani chakumanzere."

Sitinapulumuke ayi. Tiana timafa tambiri tisanafundule khungu loyamba, ndipo tatsala ndi theka lokha. Timafuna kudyetsedwa pafupipafupi ndi kusinthiridwa madzi ndi kapaipi kakang'ono, dontho ndi dontho, ntchito yothyola msana. Mafunso sangathe yekha, mayesonso ayandikira. Ndinayamba kuda nkhawa, koma akuti ndisavutike, kalasi yonse yagawana. Ngakhale anyamata akumbuyo aja amene amayamba "Ameni" ndisanawombe m'manja, akuti atenga m'mawa. Ndinafunsa kuti wawanyengerera bwanji. Akuti, "Ndinangowaonetsa pa maikulosikopu, Madamu. Wina anakaona kakuphethira ndipo wakapatsa kale dzina."

Nkhanu siphethira. Sindinamukonze.

Lamlungu, 17 Meyi

Tiana tikadali moyo. Tafa tina m'ndowa yachitatu, zinazo zili bwino.

Masiku ano Mafunso akaimba safunsa, amangonena zimene waona ndi zimene wachita. Wofunsa ndine. Madzi wasintha? Tikusambira pamwamba kapena pansi? M'mimba mwake mukuoneka chakudya? Lero a Mlonda anaima pakhomo ndi mbale m'manja kumvetsera, nditadula foni akuti, "Pakati pa inu awiri, Mafunso ndi uti kodi?"

Lachitatu, 20 Meyi

Kusikelo. Anesi omwe aja anapima kamodzi kokha n'kumwetulira. Magazi atsikako, sanafike pabwino penipeni, koma atsika. Anatimvetsera mtima wa mwana pa makina, ukugunda mothamanga ngati wachedwa kwinakwake. A Mlonda anavula chipewa.

Ndinapempha adokotala mwaulemu wanga wonse. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Akuti ndikhoza kupita kamodzi, kanthawi kochepa, pagalimoto mpaka pakhomo, ndikakhale pampando, ndisakanyamule ngakhale kapu. Anafunsanso kuti nkhanu zija zinatani. Ndinawauza kuti zinapeza azamba.

Mafunso sindinamuuze kuti ndikubwera. Akuti tiana tasiya kudya kuyambira dzulo ndipo tikukhala pansi. Mwina tikufuna kufundula, mwina tikufa. Poyamba zimaoneka chimodzimodzi.

Lachisanu, 22 Meyi

A Mlonda anaimika galimoto pakhomo penipeni pa labu, pamene saloleza, n'kundigwira mkono ngati nkhalamba. M'khonde munali zii. Ndinaganiza kuti ana apita ku mayeso, kapena zaipa ndipo akuopa kundiuza. Ndinaima kaye n'kupuma mmene anandiphunzitsira anesi.

Chitseko cha chipinda cha mathanki chinali chotsegula pang'ono. Ndinakankha.

Onse anali mmenemo. Tiana anatisamutsira m'mabeseni agalasi pa tebulo lalitali lija, ndipo kalasi yonse inakhala mozungulira, zolembera pansi, manja pamiyendo. Kumapeto, pa kampando kakafupi, Pulofesa, abwerako dzulo, chipewa pabondo, nawonso ali duu. Kumangomveka pampu ndi timathovu ta mpweya. Palibe amene anacheuka.

Ndinalephera kupirira. "Kodi tafundu..."

Mafunso anatembenuka, kachingwe kabuluu kali m'khosi. Maso anatuluka atandiona, koma anaika chala pamilomo. Ine! Anakoka mpando ndi phazi mwakachetechete n'kundilozera. Pulofesa mapewa ankagwedezeka, osayang'ana kumbali.

Ndinakhala. A Mlonda anatsamira chitseko, nawonso chete.

Ndinayang'ana m'beseni limene linali patsogolo panga. Maso anatenga nthawi kuti azolowere. Pansi panali tinthu toyera, topyapyala, tosayenda, ndipo ndinaganiza kuti tiana tafa. Ndinayang'anabe, poti kulankhula kunali koletsedwa. Tinthuto tinali topanda maso. Makungu okhaokha. Ndinakweza maso pang'ono, ndipo pamwamba, cha kumene kumachokera kuwala kwa windo, tinali pamenepo eni ake, tokulirapo, tikudumpha ndi mphamvu. Ndinayamba kuwerenga n'kusiya. Ndinangoyang'ana. Kamodzi kanali pakati pa ntchito, kakudzikoka kutuluka m'khungu lakale, kupuma, kudzikokanso. Zaka zonsezi ndawerenga makungu ambirimbiri m'mawa, koma kufundula kwenikweniko ndinali ndisanakuonepo ndi maso. Kanatuluka, kanakhala kaye ngati kakudabwa, kenako kanakwera kwa anzake. Mwana m'mimbamu anatembenuka, ndinaika dzanja pamenepo.

Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Mafunso anawomba m'manja.

"Ameni!" kalasi yonse, ndi Pulofesa, ndi a Mlonda kuchitseko.

Mafunso anayamba kuvula kachingwe kuti andibwezere, ndinapukusa mutu, anakasiya m'khosi. Kenako anayang'ana kalasi monga ndimachitira ine, kuona ngati pali wofunsa. Dzanja linali m'mwamba limodzi lokha, langa.

"Eee, Madamu," anatero. "Funsani."